Madamu NyaMsiska ndi madimba oyezedwa ndi nyimbo

Ndisananene kanthu za malemu Madamu NyaMsiska, ndiyambe ndatchula mboni zanga, chifukwa anthu a pa Mwazisi ali ndi chizolowezi choipa chonditenga ngati munthu wowonjezera nkhani. Mboni yoyamba ndi a Kumwenda, amene anakhala mlembi wa mpingo wathu zaka zambiri atapuma ntchito ya kuchipatala. Ali moyo, ndipo chilichonse mungawafunse amavomera ndi mutu, poti makutu anawathawa kalekale. Yachiwiri ndi Chiukepo, uja amayendetsa pikapu yobiriwira ya ku Katowo. Chipsera chili pachala chake chachikulu anachipeza ali mu Sitandade 6, pa tsiku lomwe ndikufuna kukamba. Yachitatu ndi a NyaHarawa, ndipo iwowa sangakometse nkhani ya Madamu ngakhale mutawagulira shuga, chifukwa awiriwa sanamvane ndi tsiku limodzi lomwe. Wokayikira apite akawafunse. Ine ndilemba zomwe ndinaona basi, ndipo pomwe zikumveka zazikulu kwambiri mudziwe kuti ndachepetsako.

Madamu tinawaika m'manda mu Meyi, nthawi yomwe anthu amayamba kutsikira ku madimba. Okumba manda onse anadutsa m'kalasi mwawo, ndiye dzenjelo analikumba ndi mantha. Makona ake anali oongoka moti abusa atafika anaima kaye n'kumasuzumiramo, pemphero osayamba. Mmodzi wa okumbawo, bambo wa ana akuluakulu, ndinamumva akunong'oneza mnzake kuti mbali ya kumutu yapitirira pang'ono, ndipo anatsikiramonso ndi fosholo kukakonza. Ndinamufunsa kuti akuopa ndani poti eni ake agona m'bokosi.

"Aphunzitsi," anatero akupukuta thukuta, "inu simunakhalepo m'kalasi mwawo."

Zoona, sindinakhalemo. Ine kuno ndinabwera kuchokera ku Ntchisi ndili mphunzitsi kale, Chitumbuka changa chonse chili "yewo". Madamu ndinawapeza akuphunzitsa masamu mu Sitandade 5 ndi 6, imvi zitayamba kale. Dzina langa analimva kamodzi n'kuona kuti siliwathandiza kanthu, ndiye ananditcha "a Ntchisi" mpaka kumwalira kwawo. Anali aafupi, oyenda mwachangu ngati pali chomwe chikupsa kwinakwake, ndipo m'chikwama chawo chachikulu munkakhala zinthu ziwiri: Baibulo ndi chingwe chachitali cha khonje chomangidwa nsonga zake pamodzi. Baibulo ankalitulutsa Lamulungu. Chingwe ankachitulutsa masiku ena onse.

Munthu ameneyu sankatha kukhala m'chipinda osachiyeza. Mukawalandira kunyumba, inu muli pa moni iwo maso ali kudenga, milomo ikugwedezeka. Pomwe tiyi azifika akuuzani kale kuti khoma lanu la kum'mawa ndi lalifupi kuposa la kumadzulo, ndipo kuyambira tsiku limenelo simudzagonanso bwino m'nyumbamo. Telala wa pamsika ankati akawaona akubwera ndi nsalu, ankatseka chitseko n'kutuma mkazi wake kunena kuti wapita ku maliro.

Ndinakangana nawo ndisanathe mwezi pasukulupo. Ine ku koleji anandiphunzitsa kuti eriya ndi mulitali kuchulukitsa ndi mulifupi: ana alembe, aloweze, akhoze mayeso. Tsiku lina ndikuphunzitsa zimenezo mu Sitandade 7, ana akubwereza mokoma ngati kwaya, ndinaona mutu wa Madamu pazenera. Sanalowe. Anangokodola mtsikana amene ankakhoza kwambiri m'kalasi mwanga n'kumufunsa kuti amayi ake akafuna kuzira m'nyumba, dothi loti likwane amaliganiza ndi perimita kapena ndi eriya. Mtsikanayo anayang'ana ine, n'kuyang'ana kudenga, kenako anayankha molimba mtima kuti mulitali kuchulukitsa ndi mulifupi.

"A Ntchisi," anatero Madamu, "mwanayu mwamudzaza bwino chomene. Mwangoiwala kuboola potulukira."

Iwo buku ankalitsegula mochedwa. Ankayamba ndi njovu, poti kuno kulibe mwana wosadziwa zomwe njovu ya ku nkhalango ya Vwaza imachita ikafika pamunda. Ankati imayamba yazungulira m'mbali kufunafuna polowera, ndipo ulendo wonsewo mpaka kubwerera pomwe inayambira ndiye perimita. Ikalowa n'kuyamba kudya, chonse chomwe ingadye mpaka munda kutha ndiye eriya. Perimita ankati ndi nkhawa ya mlonda, eriya ndi nkhawa ya mimba. Mwana akasokoneza ziwirizi sankamumenya. Ankamutuma kuzungulira bwalo la mpira mkono uli pamphuno ngati chitamba, ndipo pobwera ankamufunsa ngati wakhuta. Akayankha kuti ayi, ankamuuza kuti tsopano wamvetsa. Wina akalemba yankho la eriya n'kuiwala kanambala kakang'ono kaja ka pamwamba pa mamita, ankamufunsa mwaulemu ngati kwawo chimanga amadzala pa chingwe choyanikira zovala.

Koma phunziro lawo lalikulu linali la chingwe chija. Ana anayi ankachigwira m'makona n'kuchikoka mpaka mbali zonse zifanane, kenako kalasi yonse inkalowa m'kati, ndipo inkakwana. Akatero ankauza ogwira aja kuti awiri ayandikizane uku, awiri uko, mpaka m'kati mukhale motalika ndi mopanikizika ngati kanjira ka kuchimbudzi. Tsopano olowamo ankakhala owerengeka, owonda okhaokha, ataima chammbali. Madamu ankafunsa ngati pali amene wadula chingwe. Ana ankati ayi. Ankafunsa kuti nanga malo apita kuti. Akafunsa zimenezo ankakhala pampando n'kuyamba kusenda nzimbe, osathandiza aliyense, mpaka ana atakangana okhaokha n'kupeza yankho. Phunziro limeneli ankaliphunzitsa chaka ndi chaka pansi pa mtengo wa mango, moti ngakhale mbuzi za ahedi zinalimva. Ndikulumbira, zinkadya udzu wa pabwalo n'kusiya makona anayi.

Atapuma ntchito sanapume kanthu. Ankakhala pakhonde moyang'ana njira ya kusukulu, ndipo ana ankalambalala kudzera m'minda ya fodya kuopa mafunso. Amisiri omanga nyumba ankapita kukawafunsa kuti njerwa zikhale zingati, ankalandira yankho lolondola mwaulere, ndipo ankabwerako atamvanso zolakwa za nyumba zonse zomwe anamanga chiyambire.

Munthu mmodzi yekha ndiye sankawaopa, ndipo ameneyo ndi mlamu wawo, a NyaHarawa, mkazi wa mchimwene wawo. Udani wawo unayamba ine ndisanabwere. Akuti a NyaHarawa ali mtengwa watsopano anasoka katani ya pabalaza, n'kuitana abale kuti adzaone nyumba. Madamu, nthawiyo ali mtsikana wochokera kumene ku koleji, anayang'ana n'kunena pamaso pa alendo kuti kataniyo ndi yabwino, ingofunika kuipezera zenera laling'ono. Kuyambira pamenepo moni wawo unali wa mano okha. A NyaHarawa ankati mlamu wawo amayeza ndi ntchentche yomwe ikagwera mu ndiwo. Madamu ankati mchimwene wawo anakwatira wayilesi yopanda pozimitsira. Amuna awo onse awiri atamwalira, anthu ankayesa kuti umasiye uwagwirizanitsa. Unangowapatsa nthawi yambiri.

Mukalowa m'tchalitchi chathu nthawi ya dzinja mudzapeza mabeseni m'mizere ya mipando. Alendo amayesa kuti amisiri anakhoma denga molakwika. Ayi. Malata amenewo anayamba agwira ntchito ina asanakwere padenga, ndipo nkhani yake ndi iyi.

Kalelo banja lina linapereka dambo kwa mpingo, ndipo akulu ampingo anagwirizana kuti aligawire amayi amasiye, aliyense dimba lake, onse mofanana. Vuto linali poyezera. Tepi panalibe. Kuwerenga mapazi anakukana, poti miyendo ya anthu ndi yosiyana ndipo wowerenga akhoza kudumpha nambala pofika pa dimba la m'bale wake. Apa ndi pomwe a Kumwenda anabwera ndi nzeru imene mpaka lero ndimaivulira chipewa. Iwo ndi amene ankayambitsa nyimbo m'tchalitchi, ndipo mawu awo ankamveka mpaka kumsika. Anati iwo aziyenda kutsogolo akuimba nyimbo imodzi yomwe aliyense amaidziwa, mpingo uzitsata pambuyo ukuimba nawo, anyamata azikhoma zikhomo m'makona, ndipo pofika pa Amen akhale atabwerera pachikhomo choyamba. Palibe angadumphe vesi mpingo wonse ukumva. Palibenso angabe malo nyimbo ya Mulungu ili pakamwa. Dimba lililonse linatuluka la nyimbo imodzi ndendende, ndipo anthu anabwerera kunyumba atakhutira kuti chilungamo chotere sichinaonekepo m'boma lonse la Rumphi.

Madamu dimba lawo linagwera pakati pa dambo, pamalo otambasuka, mbali zonse zofanana ngati bokosi la choko. La a NyaHarawa linagwera pafupi pomwepo, pakati pa la Madamu ndi kamtsinje, ndiye a Kumwenda poimba anayenda mtunda wautali motsata madzi, n'kukhota pang'ono, n'kubwereranso.

Chaka chilichonse mpingo unkapatsa mayi aliyense mbewu ndi feteleza muyezo umodzi. Chaka chilichonsenso, Lamulungu la zokolola, amayiwo ankabweretsa zina mwa zomwe apeza. Madamu ankabwera ndi kabichi wofuna anthu awiri kunyamula dengu, ndipo abusa ankawatchula dzina paguwa ngati chitsanzo: mphunzitsi wotanganidwa, koma taonani manja ake. A NyaHarawa ankabwera ndi kabeseni. Zaka zinapita choncho, mpaka wina anaona kuti m'nyumba mwa a NyaHarawa mumatsala feteleza chaka chilichonse. Nkhani inayenda msanga. Dimba lofanana ndi la anzawo, feteleza wofanana, koma iwo zokolola zochepa ndipo feteleza akutsala. Ndiye kuti akumana mbewu chakudya n'cholinga chokagulitsa feteleza wa mpingo ku Katowo. Iwo ankati amathira mpaka kusowa pothira. Palibe anawakhulupirira. Akulu ampingo anakhala pansi n'kugamula kuti anthu asanadzale chaka chimenecho, dimbalo lilandidwe lipatsidwe kwa wina, ndipo a NyaHarawa aimitsidwe pa Mgonero. Anali kulera adzukulu atatu a mwana wawo womwalira, ndipo ndiwo, sopo ndi makope a anawo zonse zinkachokera pa kamunda kameneko.

Ndinene zoona, Madamu sanamve chisoni. Mu ofesi ya aphunzitsi anati ulesi umabisala zaka zambiri koma tsiku lake limafika, ndipo anathira supuni ina ya shuga mu tiyi.

Sabata yomweyo inali ya phunziro la chingwe. Ine ndinali ndi kalasi yanga pamthunzi wina chapafupi, ndiye ndinaona zonse. Ana analowa m'makona ofanana aja n'kukwana. Anakoka chingwe n'kukhala chopanikizika, otsala panja n'kumaseka owonda aja ataima chammbali. Madamu anafunsa ngati pali amene wadula chingwe. Ana anati ayi. Anayamba kufunsa funso lachiwiri lija, koma sanalimalize. Anaima mpeni wa nzimbe uli m'manja, maso ali kumunsi komwe kuli dambo. Anaima nthawi yaitali moti mwana wina anayankha funso lomwe silinafunsidwe.

"A Ntchisi, ndigwirireni anawa."

Madamu anabwerako ku dambo nthawi yoweruka itayandikira, nsapato zili matope, chingwe chanyowa. Madzulo ake anandipempha kuti ndiwaperekeze kwa a Kumwenda, akuti pakhale mboni. Tinawapeza pakhonde akuwerenga nyuzipepala ya mwezi wapita.

"Dada Kumwenda, madimba aja si ofanana."

"Madamu, ndinawazungulira ndekha. Mpingo wonse unali kumbuyo kwanga, inunso munaimba."

"Munawazungulira bwino chomene. Koma simunalowemo."

"Mukuti nyimbo inanama?"

"Nyimbo sinaname. Inayeza m'mbali. Kabichi samera m'mbali."

A Kumwenda anavula magalasi. Anati iwo apereka mankhwala kwa odwala moyo wawo wonse ndipo muyezo amaudziwa, sangaphunzitsidwe ngati mwana wa Sitandade 5. Anawonjezera kuti akudabwa kuona kuti mwa anthu onse, Madamu ndi amene akuikira kumbuyo alamu awo.

"Sindikuwaikira kumbuyo," anatero Madamu. "Mayi uja ndi wovuta, ndipo kumwamba akavutanso. Koma si wakuba."

Anangopempha chinthu chimodzi: kuti Loweruka m'mawa, chigamulo chisanalengezedwe m'tchalitchi, akulu ampingo atsikire ku dambo, ndipo a Kumwenda akazungulirenso madimba awiriwo akuimba. A Kumwenda anavomera msanga, poti sankakana mpata woimba.

Lowerukalo kunasonkhana anthu ambiri kuposa Lamulungu. Madimba anali atangolambulidwa, osadzala kanthu. A NyaHarawa anakhala pachulu atafunda chitenje kumutu, osayang'ana aliyense. Iwo ankayesa kuti mlamu wawo waitana anthu kuti manyazi awo akhale ndi oonerera okwanira. A Kumwenda anavala jekete. Anaima pachikhomo cha dimba la a NyaHarawa, n'kutsokomola, n'kuyamba. Anayenda motsata kamtsinje, n'kukhota, n'kubwerera, ndipo Amen anagwera pachikhomo penipeni. Anapita pa la Madamu, anayamba nyimbo yomweyo, ndipo Amen anagweranso pachikhomo. Amayi ena anaomba m'manja. A Kumwenda anakonza jekete n'kuyang'ana Madamu mwachifundo.

"Yewo, dada," anatero Madamu. "M'mbali ndi mofanana. Tsopano tilowemo."

Anakweza dzanja, ndipo kuchokera kumtunda kunatulukira mzere wa ana a Sitandade 6, awiriawiri, gulu lililonse litasenza lata. Anali malata atsopano omwe mpingo unasonkherana zaka zingapo kuti ufolere tchalitchi. Ankasungidwa m'kachipinda ka kuseri kwa guwa, ndipo kiyi wake anali ndi Madamu chifukwa ankaphunzitsa Sande Sukulu. Mkulu wampingo wina anatsegula pakamwa n'kuiwala kutseka.

"Madamu, amenewo ndi malata a nyumba ya Mulungu."

"Ndi chifukwa chake ndawatenga. Onse ndi ofanana, ndipo palibe angati ndasankha ang'onoang'ono."

Ana anayamba kuwayala pa dimba la a NyaHarawa, lina pambali pa linzake, osasiya mpata. Dzuwa litawomba, dambo lonse linang'anima moti oyendetsa njinga pamsewu anaima kufunsa ngati kwatuluka nyanja. Abakha a m'tchire ochokera ku Vwaza anaona kuwalako ali m'mwamba, anatsika kudzatera, ndipo anatsetsereka mpaka mu kamtsinje. Chiukepo ndi pomwe anadzicheka chala, ataona bakha akumudutsa pamiyendo atakhala pansi. Amene akukana za abakhazi akaone chalacho.

Dimba la a NyaHarawa linadzaza msanga, ndipo malata otsala anali mulu ndithu. Madamu anauza akulu ampingo kuti awerenge okha omwe alowa, ndipo anawerenga, wina ndi chala, wina ndi ndodo. Anthu anayesa kuti zathera pomwepo. Sanamvetse kuti akufuna kuonetsa chiyani, poti dimba lililonse likayalidwa malata limadzaza basi.

"Tsopano langa," anatero Madamu.

Ana ananyamula malata owerengedwa aja okha, otsala aja n'kuwasiya, n'kuyamba kuyala pa dimba la Madamu. Anatha onse asanafike ndi pakati pomwe. Ananyamula a kumbuyo n'kuwayala kutsogolo, anathanso, dothi likuonekabe. Pomwe ankafika pachikhomo chomaliza, ngakhale agogo osadziwa kulemba dzina lawo anali ataona kuti dimba la a NyaHarawa likhoza kulowa mu la Madamu kawiri n'kutsala malo omangapo khola la nkhuku. Mtsikana wina wa m'kalasi anafunsa mnzake monong'ona, koma tonse tinamva: "Nanga malo anapita kuti?"

A Kumwenda anazungulira dimba la Madamu ndi maso, milomo ikuimba chamumtima. Kenako anakhala pansi pa matope ndi jekete yawo yomwe.

A NyaHarawa anatsika pachulu pang'onopang'ono. Anayenda pamwamba pa malata, lililonse likulira pansi pa mapazi awo, mpaka anaima pamaso pa Madamu.

"Ndiye kuti zaka zonsezi feteleza ankatsala chifukwa dimba langa ndi kachingwe?"

"Eya, alamu."

"Ndipo dzina lanu linkatchulidwa paguwa chifukwa cha malo omwe akanakhala anga?"

"Eya, alamu."

"Ndipo zimenezi ndi zomwe mumaphunzitsa ana kusukulu?"

"Chaka chilichonse."

A NyaHarawa anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ine ndimayesa ndinu oipa mtima chabe," anatero. "Sindimadziwa kuti mutu nawonso ndi wochedwa."

Madamu ndinawadziwa zaka zambiri, ndipo limeneli ndi tsiku lokhalo lomwe ndinawaona akusiyira munthu wina mawu omaliza.

Chigamulo sichinalengezedwe. Malire anasunthidwa tsiku lomwelo, chikhomo cha a NyaHarawa n'kulowa m'kati mwa dimba la Madamu mpaka malata atavomereza kuti awiriwo afanana. Koma amayi ena amasiye nawo anali ndi maso. Aliyense anafuna lake liyalidwe, ndipo malata aja anagona ku dambo pafupifupi mwezi, akupondedwa ndi ana, akulu ampingo ndi ng'ombe imodzi. Pokwera padenga anali atakalamba kale. Akulu ampingo anakhalanso pansi, n'kuona kuti pa nkhani yonseyi payenera kupezeka wolakwa mmodzi, ndipo wotenga katundu wa mpingo popanda chilolezo anali wodziwika. Chilango chomwe anakonzera a NyaHarawa chinagwera Madamu. Anakhala pampando wa kumbuyo miyezi ingapo osalandira Mgonero, ndipo a NyaHarawa akalandira mkate ankatembenuka n'kumatafuna pang'onopang'ono.

Madimba atafanana panaoneka chinthu china chomwe palibe ankachiyembekezera. Madamu anali mlimi wamba. Tomato wawo ankachita mawanga, ndipo kabichi ankakwana m'dengu la munthu mmodzi mopanda vuto. A NyaHarawa, amene zaka zonse anazolowera kufinya chakudya cha ana atatu pa kachingwe ka dothi, atapatsidwa malo okwanira anakolola moti pikapu inkaima pamsewu kudikira iwo. Adzukulu aja onse anafika ku sekondale. A NyaHarawa zikomo sananene, ndipo Madamu sanamudikire. Anapitiriza kuthirira moyandikana mpaka ukalamba, uyu mbali iyi uyu mbali iyo, akunenana za nkhuku, za makheni othiririra, za mchimwene uja amene anagona kalekale ndipo sangadziyankhire.

A Kumwenda anatha chaka osapereka moni kwa Madamu. Nyimbo ija sanaiyambitsenso m'tchalitchi. Mlendo akaiyambitsa mosadziwa, mudzaona akuluakulu akuyang'ana pansi, mapazi awo akufuna kunyamuka.

Ine chomwe chinandizunguza mutu zaka zonsezi ndi china. Munthu amene ankaona khoma lokhota asanakhale pampando, amene ankakoka chingwe chija chaka ndi chaka, anathirira bwanji dimba limenelo nthawi yonse ija osaona? Ndinaopa kufunsa mpaka atadwala. Masana ena ndinakawaona nditawatengera bulangete, ndipo ndinawapeza pakhonde ataonda, koma maso ali omwe aja.

"Madamu, simunaonedi?"

"A Ntchisi, mukufunsa ngati ndinaba."

"Ndikufunsa ngati munaona."

Anayang'ana ku njira ya kusukulu. Kenako anati msana wawo unkadziwa. Akamathirira, mlamu wawo ankakhala atamaliza kale n'kumatsuka kheni iwo asanafike pakati, ndipo iwo ankati umenewo ndi ulesi. Anati munthu akamatchulidwa dzina paguwa chaka ndi chaka, chingwe chimalemera kuchinyamula kupita nacho ku dambo. Anati sanganene kuti ankadziwa, ndipo sanganenenso kuti sankadziwa, ndiye ine ndilembe yankho lomwe ndikufuna koma ndisonyeze njira yomwe ndalipezera. Atatero anatambasula bulangete lija pamiyendo, n'kundiuza kuti ndi lalifupi.

Mpaka lero sindinalipeze yankholo.

Sabata yatha ndinatsikira ku dambo. Madimba onse ndi obiriwira, mpiru ndi tomato zili pachimake, makheni akulira pachitsime. La Madamu lokha ndi lomwe silinalimidwe. Akulu ampingo anafuna kulipereka kwa mayi wina amene amuna ake anamwalira chaka chino, koma a NyaHarawa anawauza kuti adikire mvula igwe kaye, ndipo palibe anafuna kukangana nawo. Ndinawapeza ali ndi khasu, atawerama, akulambula udzu m'malire.

"Mama, mukulambula za eni ake bwanji?"

"Njoka. Zikabisala umu zibwera kwanga."

"Nanga mbali ya uko, yosakhudza dimba lanu?"

Anaweramuka n'kugwira m'chiuno. "Aphunzitsi, mwabwera kudzathirira kapena kudzafunsa mafunso?"

Ndinawasiya. Dimbalo alilambula kuzungulira mbali zonse zinayi, kanjira koyera kokwana munthu mmodzi, zikhomo zonse zili poyera. M'kati simunalowe khasu. Mizere ya chaka chatha ikuonekabe pansi pa udzu wofika m'mawondo, mpiru womera wokha wachita maluwa achikasu, ndipo mitengo yomwe ankamangirira tomato yaima yopanda kanthu, ina yapendekera. Pomwe ndinkakwera mtunda ndinawamva a NyaHarawa akudandaula mokweza za nkhuku ya winawake, atayang'ana ku udzuwo, kenako anasiya pang'ono mpata wa yankho asanapitirize.